Hip-hop ya ku China: achinyamata akumeneko amamvera ziti, ndipo amazisankha bwanji?

Kaligo

Moni nonse. Ndili ndi funso kwa inu odziwa nyimbo za ku China. Munthu ukamvera Higher Brothers, anyamata a ku Chengdu aja, umamva trap (mtundu wa rap wochokera ku America) yolemera, besi yogwedeza chifuwa, mawu akugwa ngati matalala pa malata. Koma ukatsegula mndandanda wa nyimbo za rap zomwe zikumveredwa kwambiri pa ma app akumeneko, zambiri ndi zofewa, zachikondi, munthu akuyimba kuposa kurapa. Ndiye zenizeni ndi ziti? Achinyamata amene amadzitcha okonda hip-hop kumeneko amakonda zolimba zija kapena zofewazi?

Chachiwiri, akamanena kuti rapa uyu ndi katswiri, amakhala atamva chiyani? Ife osadziwa chinenerocho timangomva biti ndi liwiro la lilime, koma n'zoonekeratu kuti eni ake akumva zina, chifukwa ena amene ife timawaona ngati akatswiri iwo sawawerengera n'komwe.

Chachitatu, munthu wofuna kutsata nyimbozi mwadongosolo ayambire pati kuti asanamizidwe ndi zimene YouTube ikumukankhira? Zikomo.

Bangwe

Achimwene a Kaligo, zonse ziwiri mwamvazo n'zoona, kungoti omvera ake si amodzi. Pofuna kuwasiyanitsa yambani ndi chaka cha 2017. Pa 24 Juni chaka chimenecho kampani ya iQiyi, yomwe imaonetsa makanema pa intaneti, inayambitsa mpikisano wa The Rap of China. Oweruza anali Kris Wu, Wilber Pan, ndi MC HotDog pamodzi ndi Chang Chen-yue, ndipo chikho anagawana anthu awiri, GAI ndi PG One. Mpikisanowu usanabwere, rap inali ya anthu ochepa odziwana. Inkamveka m'timabala ting'onoting'ono ndi m'mipikisano yolasana ndi mawu monga Iron Mic, yomwe Dana Burton wa ku Detroit anayambitsa ku Shanghai kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ku Beijing gulu la Yin Ts'ang linatulutsa chimbale mu 2003, kenako kunabwera gulu la In3 ndi mawu awo aukali onena za aphunzitsi, makolo ndi moyo wa mumzinda. Mpikisano wa iQiyi pomatha, mwana wa sekondale aliyense wokhala ndi foni anali atadziwa mawu oti freestyle (kurapa zopeka pompopompo), flow (kayendedwe ka mawu pa biti) ndi diss (kulasa rapa wina m'nyimbo).

Omvera akale aja khutu lawo linakulira pa boom bap: biti yogunda ka 85 mpaka 95 pa mphindi, ng'oma zodulidwa m'zimbale zakale za jazz ndi soul, vesi la mizere 16, kolasi yaifupi kapena osakhalapo. Iwowa amafuna munthu wonena zinazake. Mudzawamva akutchula Jony J wa ku Nanjing, Pact wa ku Xi'an, kapena Soft Lipa wa ku Taiwan, ndipo mawu awo oyamikira ndi zouxin, kutanthauza kuti nyimbo yadutsa mumtima. Olowa pambuyo pa 2017 anapeza trap itatenga kale bwalo. Kwa iwo mawu oyamikira ndi zha, kuphulika, ndipo nyimbo yabwino ndi imene ingadumphitse holo yonse.

Ndiye pali nkhani ya mizinda, imene mlendo saiona msanga koma eni ake amaitenga ngati mpira. Chengdu ili ndi CDC, gulu lomwe munatuluka Fat Shady, Ty. ndi Higher Brothers, ndipo ndiko kuchimake kwa trap yosalala, yonyadira zovala, ndalama ndi moyo wosathamanga wa mzindawo. Chongqing, mzinda wa mapiri ndi nkhungu womwe uli pafupi, uli ndi gulu la GOSH, kwawo kwa GAI ndi Bridge. Kamvekedwe ka GAI ndi kaukali, ndipo anatchukitsa chimene amati jianghu, dziko la anthu oyendayenda, ubale wa pa lumbiro ndi ulemu wa mumsewu, monga m'nthano zawo zakale za ankhondo. Changsha ili ndi C-Block, omwe amarapa m'chilankhulo cha ku Hunan ndipo kolasi zawo zimayimbika. Xi'an inadziwika ndi anthu a mipikisano yolasana ndi rhyme zothinana. Mnyamata wa ku Sichuan akamakonda CDC sikuti wangosankha biti. Akumva lilime la agogo ake likulemekezedwa dziko lonse, pamene kusukulu ndi pa wailesi amauzidwa kuti alankhule Chimandarini chovomerezeka.

Tsopano za kufewa kwa mndandanda uja. Zifukwa zake ndi ziwiri, ndipo anthu ambiri amangotchula chimodzi.

Choyamba ndi dzanja la boma. Mu Ogasiti 2015 unduna wa zachikhalidwe unatulutsa mndandanda wa nyimbo 120 zoletsedwa pa intaneti, ndipo zingapo zinali za In3. Mu Januwale 2018, nyuzipepala za boma zitadzudzula PG One chifukwa cha mawu onena za mankhwala osokoneza bongo ndi onyoza akazi, bungwe loyang'anira mawailesi linalangiza kuti anthu a zojambula pathupi ndi a chikhalidwe cha hip-hop asamaonetsedwe pa kanema. GAI anachotsedwa mu pulogalamu ya Singer ya Hunan TV ili mkati. Mpikisano uja unabweranso chaka chomwecho, koma dzina lake la Chitchaina linasintha: mawu oti xiha, omwe ndi hip-hop, analowedwa m'malo ndi shuochang, kulankhula ndi kuyimba, dzina lomwe limatchulanso luso lawo lakale lofotokoza nthano moyimba. Kuyambira pamenepo mfuti, chamba, kutukwana ndi ndale zinachoka pa mabwalo aakulu. Zotsala ndi khama, kukwera kuchoka pansi, mayi, mzinda wakwanu, kukonda dziko ndi chikondi.

Chachiwiri sichikhudza boma ayi. Achinyamata a ku China anakulira pa nyimbo zachikondi zoyimbika ndi pa KTV, tizipinda tolipira toyimbiramo ndi anzako. Jay Chou kuyambira mu 2000 anazoloweza makutu awo kumva kurapa kutasakanizidwa ndi nyimbo yokoma. Choncho rap yokhala ndi kolasi yoyimbika ndi Auto-Tune (pulogalamu ya pa kompyuta yowongola liwu la woyimba), imene amati xuanlü shuochang, inapeza munda wolimidwa kale. Mtsikana wa ku koleji amene amamvera zoterezi usiku si wonamizira kukonda hip-hop. Ndi gulu lalikulu kuposa onse, ndipo ndi limene limakweza nyimbo pa mndandanda. Okonda zolimba amazitcha koushui ge, nyimbo za malovu, koma matikiti ambiri amagulidwa ndi omwewo amene akunyozedwawo.

Sansi

Ine nditenge funso lachiwiri, poti ndi pomwe khutu la mlendo limasochera kwambiri. Mnyamata wa ku China akamamvera vesi latsopano amakhala akuwerenganso. Ma app onse aakulu amayendetsa mawu a nyimbo mzere ndi mzere, ndipo mapulogalamu a mipikisano amalemba mawu pansi pa kanema. Mu 2017 a iQiyi ankafika polemba pa sikirini kuti apa rapa wamenya rhyme yamtundu wakuti kokwana kangati. M'badwo wonse unaphunzira kuwerenga rhyme ngati zigoli.

Chifukwa chake chili m'chinenerocho. Chimandarini chili ndi maphatikizo pafupifupi 400 okha mukapanda kuwerengera kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndipo pafupifupi onse amathera pa lembo la liwu, pa n kapena pa ng. Ndiye kupeza mawu awiri ofanana phatikizo lomaliza n'kosavuta, mwana aliyense angathe. Imeneyo amati danya, ndipo payokha siigometsa munthu. Luso limayambira pa shuangya, pomwe maphatikizo awiri omaliza akugwirizana, kenako sanya, atatu, mpaka anayi kapena asanu. Onani mawu atatu awa: shijian ndi nthawi, shinian ndi zaka khumi, zhijian ndi nsonga za zala. Onse ali ndi phatikizo loyamba lomveka mofanana ndi lachiwiri lothera pa ian. Rapa akatseka mizere itatu ndi mawu amenewa, tanthauzo n'kumayendabe bwino, omvera amamuombera m'manja. Akangobwereza mawu amodzimodzi kumapeto, kapena kutsamira pa timawu tothandizira monga le ndi de, amati wabera.

Pali msampha wake. Wofunitsitsa rhyme ya maphatikizo anayi amayamba kupotoza chiganizo, kuika mneni pomwe sakhala, kapena kulowetsa mawu osagwirizana ndi nkhani. Omvera okhwima amazigwira msanga ndipo m'ndemanga amalemba kuti wamenya rhyme chifukwa cha rhyme basi. Apa ndi pomwe omvera amagawanika pawiri: a jishu liu, okonda ukatswiri, amene amakhululukira tanthauzo lofooka bola rhyme zathinana, ndi a zouxin aja amene a Bangwe atchula, omwe amakhululukira rhyme wamba bola mawu akhale oona.

Chinthu china ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu. Ife tikudziwa kuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu timausiyanitsa ndi liwu lokha. M'Chimandarini zimenezi zili pa phatikizo lililonse, ndipo njira zake ndi zinayi: lokwera losasintha, lokwera pang'onopang'ono, lotsika n'kukweranso, ndi logwa mwamphamvu. Mai wotsika n'kukwera ndi kugula, mai wakugwa ndi kugulitsa. Woyimba nyimbo wamba amatha kuzinyalanyaza chifukwa nyimboyo imaphimba, koma rap ili pafupi ndi kulankhula, choncho zimamveka. Rapa waluso amagwirizanitsa ngakhale liwu la mawu a rhyme, ndipo amakonda kuika phatikizo logwa mwamphamvu lija pomwe snare, kang'oma kolira mwakuthwa kaja, ikumenya, kuti mawu ndi ng'oma zigwere pamodzi. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti wophunzira amakopera flow ya ku Atlanta ku America, ija yogawa kugunda kumodzi patatu, n'kukakamizamo mawu a Chitchaina. Liwu la maphatikizo limaphwanyika, mawu amodzi amadukira pakati pa kugunda kuwiri, ndipo mwini chinenero samva kanthu popanda kuwerenga. Kwa inu ndi ine zimamveka zokoma zedi chifukwa zikufanana ndi zimene tinazolowera. Apa ndi pomwe pali yankho lanu, a Kaligo, la chifukwa chake ena amene timawagomera eni ake sawawerengera.

N'chifukwa chakenso zilankhulo za m'zigawo zili ndi mphamvu. Ku Sichuan ndi ku Chongqing n ndi l zimasakanikirana, zh, ch, sh zimamveka ngati z, c, s, ndipo in ndi ing kapena en ndi eng sizisiyana. Mawu omwe ku Beijing sagwirizana, kumeneko amagwirizana, ndiye nkhokwe ya rhyme imakula. Liwu lomwe ku Beijing limakwera, ku Chengdu limatsikira pansi, zomwe zimapatsa chilankhulocho kaulesi kena kokoma kokhala bwino pa 808, besi yolemera ya trap ija. Mfuwu wa GOSH woti le shi wu du, kutanthauza kuti kuno ndi ku mzinda wa nkhungu, m'Chimandarini chovomerezeka ungayambe ndi zhe, koma le ameneyo ndiye chizindikiro cha kwawo. Chikantonizi cha ku Guangdong ndi Hong Kong chili ndi njira zisanu ndi imodzi za liwu komanso maphatikizo othera pa p, t ndi k, odukiza mwadzidzidzi ngati ng'oma yogwidwa ndi dzanja. Gulu la LMF la ku Hong Kong linaonetsa mphamvu imeneyi kale kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndipo mu 2018 awiri ofika kumapeto kwa mpikisano wa iQiyi, Aire ndi Nawukere, onse anali a ku Xinjiang, anthu okula ndi zinenero ziwiri, omwe lilime lawo limagubuduza mawu mosiyana ndi la ku Beijing.

Za liwiro ndinene mwachidule. Kuthamangitsa lilime amati kuaizui. Kumasangalatsa ongoyamba kumene, koma okhwima amafunsa zinthu ziwiri: kodi phatikizo lililonse lamveka, ndipo pa siteji angazibwereze osatha mpweya?

Ngati mukufuna kuzimva nokha, chitani izi. Koperani mawu a vesi limodzi, muwaike m'chida chilichonse cha pa intaneti chosandutsa zilembo za Chitchaina kukhala pinyin yokhala ndi zizindikiro za liwu. Dulani mzere pansi pa maphatikizo atatu omaliza a mzere uliwonse. Yerekezani malembo a liwu okha, oyambirira aja muwasiye. Kenako mverani vesilo mukuomba m'manja pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi, muone kuti ndi phatikizo liti likugwera pa dzanja. Chenjezo ndi lakuti chidacho chimapereka katchulidwe ka Chimandarini, ndiye pa nyimbo ya ku Chengdu kapena Changsha chidzakuonetsani ngati rhyme palibe pomwe ilipo. Pamenepo khulupirirani khutu, osati pepala.

Kaligo

Zikomo kwambiri a Bangwe ndi achemwali a Sansi, za liwu lophwanyika zija zanditsegula maso. Chotsala ndi funso lachitatu lija. Komanso ndaona kuti nyimbo zina pa app zimaoneka zotuwa, ukadina sizilira. Kodi zimenezo ndiye zoletsedwa ndi boma?

Chisekese

A Kaligo, si zonse. Nyimbo imatuwa pa zifukwa zitatu: app imeneyo ilibe chilolezo chake, kapena chilolezocho chimagwira m'dziko la China mokha ndipo inu mukutsegulira kunja, kapena yachotsedwadi. Njira yodziwira ndi kufufuza nyimbo yomweyo pa NetEase Cloud Music ndi pa QQ Music. Ikapezeka pa imodzi, ndi nkhani ya chilolezo. Ikasowa ponse pawiri, makamaka ngati dzina la woyimbayo nalonso silikutuluka, n'kutheka kuti yachotsedwa.

Poyambira ndi kudziwa kuti YouTube, Spotify ndi SoundCloud sizigwira ntchito ku China popanda VPN, chida cholambalalira zotchinga za pa intaneti. Chiwerengero cha oonera pa YouTube chimakuuzani za anthu a kunja, a ku Taiwan, Hong Kong, Malaysia ndi ophunzira okhala kutali ndi kwawo. Higher Brothers anafika kwa inu msanga chifukwa anali pansi pa 88rising, kampani ya ku America yomwe inatulutsa chimbale chawo cha Black Cab mu 2017 n'kuchikankhira kwa omvera a kunja. Ndi otchuka kwawonso, koma si muyeso wa dziko lonse.

App iliyonse ili ndi anthu ake. NetEase Cloud Music, yomwe inayamba mu 2013, ndi ya ophunzira ndi achinyamata a m'mizinda, ndipo marapa osadziwika amaikapo okha nyimbo zawo. Mphamvu yake ndi ndemanga: pansi pa nyimbo anthu amalemba za chibwenzi chotha, mayeso olephera, kusowa tulo. Mu 2020 anthu anafika posintha chilembo chimodzi m'dzina la app imeneyi kuti limveke ngati mtambo wa kukhumudwa. Musadabwe kuti rap yachisoni, ya gitala kapena piyano ndi mawu onyowa ndi Auto-Tune, imakula bwino pamenepo. QQ Music, Kugou ndi Kuwo ndi za Tencent, ndipo zimafika kwa anthu ambiri, kuphatikizapo a m'matauni aang'ono. Xiami, yomwe okonda nyimbo zosowa ankaidalira, inatsekedwa mu Febuluwale 2021. Bilibili ndi ya makanema, ndemanga zikuyenda pamwamba pa chithunzi, ndipo ndiko kumene mudzapeze anthu akung'amba vesi mzere ndi mzere. Mu 2020 Bilibili inachita mpikisano wake, Rap for Youth, momwe munatuluka nyimbo zonena za kuzunzana kusukulu ndi zovuta za akazi pa ntchito, ndipo omvera ake mpaka lero amafuna rap yokhala ndi nkhani.

Koma wolamulira makutu a ambiri ndi Douyin, ya ByteDance, yomwe inayamba mu 2016 ndi timakanema ta masekondi 15. Imeneyi yasintha kapangidwe ka nyimbo, ndipo mukadziwa zoyang'ana mudzaziona. Kolasi imabwera koyambirira, nthawi zina biti isanakhazikike. Nyimbo imatha isanakwane mphindi zitatu. Mumakhala mizere inayi kapena isanu ndi itatu yodulika bwino, yoti munthu avinire kapena aikepo kanema wake. Ikagwira, m'masiku ochepa mumatuluka ina yothamangitsidwa ndi ina ya DJ. Ambiri amadziwa masekondi amenewo okha, vesi lachiwiri sanalimvepo.

Palinso nkhani ya sipika. Besi ya 808 imakhala pansi kwambiri, cha pa 40 mpaka 60 Hz, pamene kasipika ka foni sikatulutsa zapansi chotero. Pulodyusa akaisiya yoyera, pa foni imasowa ndipo nyimbo imamveka ngati yopanda miyendo. Ndiye amaikanda dala ndi distortion, kusokoneza mawu kuti azimveka okhakhala, kuti ibale mawu apamwamba omwe foni ingathe kutulutsa. Akapyoza muyeso, pa mahedifoni abwino imamveka yonyansa n'kuphimba mawu a rapa, chomwe ndi tchimo lalikulu kwa omvera owerenga mawu. N'chifukwa chake m'nyimbo zambiri za kumeneko liwu la munthu limaikidwa patsogolo kwambiri. Ponena za zoimbira zakwawo, guzheng ndi pipa, zoimbira za nsambo zokhwasula ndi zala, zimakhala bwino pamwamba pa trap chifukwa zimadulika msanga osalimbana ndi besi. Erhu, yofanana ndi kaligo, ndi dizi, chitoliro cha nsungwi, zimakoka mawu m'dera lomwelo la liwu la munthu, choncho zimafuna kutsitsidwa vesi likamayenda. Suona, yonga lipenga, ndi yaphokoso kwambiri, imayenera kulowa pa kolasi pokha. Omvera amasiyanitsa pulodyusa amene wamanga biti pa choimbiracho ndi amene wangochipachika pamwamba kuti azioneka wokonda dziko.

Dongosolo lotsata ndi ili. Fufuzani ndi zilembo 说唱, zomwe ndi shuochang uja, osati mawu oti rap, ndipo onjezerani dzina la mzinda. Tsegulani mndandanda wa rap wa NetEase ndi wa QQ Music tsiku limodzi, mulembe nyimbo khumi zapamwamba pa uliwonse; zopezeka ponse pawiri ndizo zagwira dziko. Pa iliyonse werengani ndemanga zapamwamba kudzera m'chida chomasulira. Ngati akukamba za rhyme, flow ndi pulodyusa, muli pakati pa okonda hip-hop. Ngati akukamba za mtima wawo, muli pa gulu la usiku lija. Ngati ambiri akungonena kuti achokera ku Douyin, nyimboyo yakwera ndi kanema ndipo mwina mwezi wamawa kulibe. Bwerezani pakatha milungu inayi muone zotsala.

Mkangala

Zonse zanenedwazi ndikugwirizana nazo, koma a Bangwe mundilole ndisiyane nanu pang'ono. Mzere wogawa omvera pa 2017 uja unali woona zaka zingapo zapitazo. Lero wazaka 18 anali mwana wa pulayimale mpikisano woyamba uja ukuchitika, ndipo mkangano wa akale ndi atsopano sumukhudza. Mzere umene ukuoneka kwambiri tsopano ndi wa pakati pa mizinda ikuluikulu ndi kwina konse.

Kumbukirani hanmai. Kumeneku kunali kufuula mawu a rhyme pamwamba pa biti ya disiko, kotchuka kumpoto chakum'mawa, pa ma app a makanema a YY ndi Kuaishou, pakati pa achinyamata a m'mafakitale ndi m'matauni aang'ono. Okonda hip-hop ankakunyansidwa nako, ankati ndi zachimidzi, ndipo MC Tianyou, katswiri wake wamkulu, ataletsedwa mu Febuluwale 2018 ambiri a iwo sanadandaule. Koma mu 2019 Gem wa ku Changchun anatulutsa Wolf Disco, yomwe inatenga kalankhulidwe ka kumpoto chakum'mawa komweko, kolasi yotsanzira Chikantonizi ndi chikumbumtima cha madansi a m'zaka za m'ma 1990, ndipo inagwira magulu onse awiri. Inadzetsanso phunziro lina mu 2020, pamene kunabuka mkangano wa chilolezo cha biti yake, yomwe inapangidwa ndi pulodyusa wa ku Finland n'kugulidwa pa intaneti. Kuchokera apo omvera ambiri amayang'ana dzina la wopanga biti ndi kufunsa ngati inagulidwa yonse kapena inangobwerekedwa.

Njira imeneyo yapitirira. Mu 2024 Zhang Fangzhao wa ku Henan anakhudza anthu ndi nyimbo yonena za tauni ya mafakitale, utsi wake, ndi mtima wofuna kuthawako koma osatha kukana kwanu. Liwu lake silosalala, ndipo a ukatswiri angapezemo zolakwa, koma achinyamata ochokera m'madera otero anamva moyo wawo. SKAI ISYOURGOD wa ku Huizhou m'chigawo cha Guangdong anatenga kamvekedwe ka rap ya ku Memphis ku America, kaja ka belu la ng'ombe ndi mawu obwerezabwereza, n'kuikamo Chimandarini cha katchulidwe ka kum'mwera, zisudzo zoyimba za Chikantonizi, tiyi, mwayi ndi mapemphero a malonda a kwawoko, ndipo mu 2025 anafika mpaka pa TikTok kunja kwa dziko. Onsewa sakuyesa kumveka ngati a ku America, ngakhale ngati a ku Chengdu.

Chenjezo langa kwa a Kaligo ndi lakuti kufala kwa nyimbo si kukondedwa kwake. Mu Epulo 2024 mnyamata wina wotchedwa Nuomi, atagwetsedwa ndi Fat Shady pa mayeso olowera mpikisano wa iQiyi uja, anajambula nyimbo yomulasa atakhala pa chitsulo cholimbitsira thupi pabwalo la nyumba zogona ku Chengdu. Mawu ake oti ndikufuna kukuchita diss m'Chitchaina ankamveka ngati dzina loti Disney, ndiye khamu la achinyamata linayamba kupita pamalopo kukajambulitsa mpaka okhala pamenepo anadandaula. Anthu mamiliyoni ankaudziwa mzere umenewo, koma zimenezo sizikuuzani zimene amamvera akakhala okha.

Muyeso wodalirika ndi livehouse, maholo olowa anthu mazana angapo, monga MAO Livehouse yomwe ili m'mizinda ingapo. Tsegulani ShowStart kapena Damai, momwe amagulitsira matikiti, musankhe mzinda, muone amene akuyenda yekha dziko lonse ndi amene amangopezeka pa pinpan, zoimbaimba zophatikiza marapa angapo aliyense mphindi zochepa. Wa nyimbo imodzi ya pa Douyin amakhala pa pinpan. Wodzaza holo yekha ku Wuhan, Xi'an ndi Guangzhou ali ndi anthu ake enieni. Kenako fufuzani pa Bilibili makanema ojambulidwa ndi foni pa zoimbaimbazo, mumvetsere zinthu ziwiri. Choyamba ndi dianyin, mawu ojambulidwa kale omwe amalira pansi pa rapa; akakhala okwera mpaka iye n'kumangoponya mawu omaliza a mzere, ndemanga zimamudya. Chachiwiri ndi khamulo. Mawu a nyimbo zoimbidwa pa siteji amayenera kuvomerezedwa ndi ofesi ya zachikhalidwe zisanachitike, choncho rapa nthawi zina amasintha liwu limodzi kapena kulidumpha, n'kulozetsa maikolofoni kwa anthu. Mukamva holo yonse ikudzaza mpatawo ndi mawu oyambirira aja, n'kupitiriza naye vesi lachiwiri mpaka kumapeto, lembani dzina lake pa mndandanda wanu.